Matenda oumitsa khosi anachepa ku Gulupu: nanga kuno ku Chikwawa akuwerenga ndani?

Kodi mwa amayi amene amafola pasikelo ku Ngabu, kwa Makhwira kapena kwa Chapananga, ndi angati anauzidwapo kuti majakisoni aja mwana amabayidwa pantchafu ali ndi milungu 6 amamutchingira ku matenda oumitsa khosi? Funsani mayi aliyense za katemera, akutchulirani chikuku, poliyo, kafumbata ndi chifuwa chokoka mtima. Ena awonjezerapo chibayo, kutsegula m'mimba ndi malungo, pakuti Chikwawa ndi Nsanje anali m'gulu la maboma 11 amene anayamba kulandira katemera wa malungo m'chaka cha 2019. Koma nthenda imene katemera wa ana anaigwetsa mooneka ndi maso m'dziko muno siimveka kawirikawiri pakamwa pa anthu. Bwanji nkhani yabwino chonchi tikuisunga m'mabuku a madokotala okha? Ndipo ngati eni ana sadziwa chimene anapindula, adzazindikira bwanji tsiku limene chidzayambe kuwapulumuka m'manja?

Matenda oumitsa khosi ndi kutupa kwa timinofu topyapyala timene timakuta ubongo ndi mtsempha waukulu wodutsa m'fupa la msana. Zoyambitsa zake zilipo zingapo, koma zoopsa kwambiri ndi mabakiteriya. Tizilomboti sitichokera kutali. Timakhala m'mphuno ndi kummero kwa ana ambiri athanzi popanda kuwadwalitsa, n'kumafalikira wina akatsokomola kapena kuyetsemula. Tsiku lina, mwa mwana mmodzi, timalowa m'magazi n'kukafika ku ubongo. Munthu wamkulu amadandaula mutu waukulu, khosi limauma, maso amakana kuwala. Khanda silingakuuzeni zonsezi, ndipo nthawi zambiri khosi lake siliuma n'komwe. Limangotentha thupi, kukana bere, kulira mokuwa osatonthozeka, kapena kungoti lefu osafuna kudzuka. Liwombo limatukumuka, kenako kukomoka. Mwana amene amasewera lero m'mawa akhoza kutisiya mawa dzuwa lisanalowe. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwa anthu 6 odwala nthendayi chifukwa cha mabakiteriya, mmodzi amamwalira, ndipo mmodzi mwa 5 amatsala ndi vuto lalikulu monga kugontha, khunyu kapena kuvutika kuphunzira.

Chiwerengero chimenecho n'cha dziko lonse lapansi. Chathu chinali chowawa kuposa pamenepo. Pakati pa 1997 ndi 2001, Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake analondoloza ana 598 amene anagonekedwa ndi nthendayi pachipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chija timati cha Gulupu. Ana 40 mwa 100 aliwonse anali ndi kachilombo ka pneumococcus, komwe kamayambitsanso chibayo. Ana 28 mwa 100 aliwonse anali ndi kachilombo kotchedwa Hib. Ena mwa otsalawo anali ndi meningococcus, salmonella ndi tina. Madokotalawo ankayesa ngati mankhwala a dexamethasone, amene ankathandiza ana a m'maiko olemera, angachepetse imfa kuno. Sanachepetse. Pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu aliwonse anamwalira, ndipo ambiri mwa opulumuka anatuluka ndi chilema. Kumbukirani kuti awa anali ana amene anafika pachipatala chachikulu kuposa zonse m'chigawo chakummwera, pomwe pali madokotala a ana, labotale ndi mankhwala. Nanga mwana wa kutsidya kwa Shire amene sanakwere n'komwe zitunda za Thabwa, zake zinatha bwanji?

M'chaka cha 2002, Unduna wa Zaumoyo unayamba kupereka katemera wophatikiza matenda asanu m'jakisoni imodzi, ndipo Hib anali m'gulumo. Katemerayu ndi uja amabayidwa mwana ali ndi milungu 6, kenako 10, kenako 14. Zimene zinatsatira n'zoyenera kuti mphunzitsi aliyense wa sitandade 8 azidziwe. Kafukufuku amene anaunika ana osakwana zaka 5 a m'boma la Blantyre kuyambira 1997 mpaka 2005 anapeza kuti katemera asanabwere, ana pakati pa 20 ndi 40 mwa ana 100,000 aliwonse ankapezeka ndi matenda oumitsa khosi a Hib chaka chilichonse. Katemera atabwera, chiwerengerocho chinatsika mpaka kutsala pang'ono kufika pa 0, kwa ana a m'tauni ndi a kumudzi komwe. Ngakhale kwa ana amene anali ndi kachilombo ka HIV, omwe ambiri ankaopa kuti katemera sawagwira, zinthu zinasintha: kuchoka pa ana pafupifupi 10 pachaka, kufika pa awiri m'zaka za 2003 ndi 2004, ndipo mu 2005 panalibe ndi mmodzi yemwe.

Wokayika akhoza kunena kuti mwina zinangochitika, mwina ana anayamba kudya bwino, mwina amayi anayamba kufulumira kuchipatala. Tikumufunsa kuti: zikanakhala choncho, bwanji matenda oumitsa khosi a pneumococcus sanatsike nawo m'zaka zomwezo? Ana anali omwewo, chipatala chomwecho, umphawi womwewo, labotale yomweyo. Kachilombo kamene kanali ndi katemera kanatsala pang'ono kuzimiririka, kamene kanalibe katemera kanapitiriza kupha monga kale. Umboni woposa uwu munthu angaufunenso kuti? Timanena zimenezi chifukwa masiku ano mauthenga onyoza katemera akuyenda pa WhatsApp mofulumira kuposa mlangizi wa zaumoyo wapanjinga, ndipo amene akuwayankha nthawi zambiri amangoti "boma lanena." Boma lanena, inde, koma mabedi a m'wodi ya ana ku Gulupu ananenanso, ndipo mawu awo ndi amene angamugwire mtima kholo.

Nkhani ya pneumococcus ndi yotalikirapo ndipo siikoma mofanana. Katemera wake, PCV13, uja ambiri amamutcha wa chibayo, anakhazikitsidwa m'dziko muno pa 12 Novembala 2011. Pofika nthawiyo matendawa anali atayamba kale kutsika, chifukwa kuyambira 2004 ma ARV anayamba kuperekedwa ulere, ana obadwa ndi HIV anayamba kuchepa, ndipo ambiri okhala ndi kachilomboka ankamwa Bactrim tsiku ndi tsiku. Choncho akatswiri anayenera kusiyanitsa ntchito ya katemera ndi ntchito ya zinthu zinazo. Ataunika zaka za 2006 mpaka 2018 ku Blantyre, anapeza kuti matenda aakulu a m'magazi ndi a ku ubongo oyamba ndi mitundu ya kachilombo imene ili m'katemera anatsika ndi 74 pa 100 pakati pa ana a chaka chimodzi mpaka zinayi. Pakati pa makanda osakwana chaka anatsika ndi 38 pa 100 basi. Phindu lilipo, ndipo ndi lalikulu. Koma bwanji makanda, omwe nthendayi imawakonda kwambiri, ndi amene apindula pang'ono?

Mbali ina ya yankho inapezeka m'mphuno za ana. Kafukufuku wina wa ku Blantyre, wa 2015 mpaka 2018, anaonetsa kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa 6 aliwonse a zaka 3 mpaka 5, ngakhale anabayidwa katemera, ankasungabe m'mphuno mitundu yomwe ija katemera amayenera kuithamangitsa. Mwanayo payekha sadwala, koma amapatsira mng'ono wake wa milungu itatu amene sanayambe sikelo. M'maiko olemera katemera yemweyu anatsitsa chiwerengerochi kwambiri kuposa kuno. Akatswiri anaganiza kuti mwina vuto ndi kubaya majakisoni onse atatu mwana asanakwane miyezi inayi, popanda ina yokumbutsa thupi pambuyo pake. N'chifukwa chake mu 2021 zipatala zina zazing'ono za ku Blantyre zinayamba kuyesa ndondomeko ina: jakisoni pa milungu 6, ina pa milungu 14, yachitatu pa miyezi 9. Kodi Unduna wa Zaumoyo udzawafotokozera liti makolo, m'chinenero chawo, chimene unaphunzirapo ndi chimene wasankha? Ana amene anayesedwa ndi a Amalawi. Zotsatira zake zisathere m'misonkhano ya m'mahotela.

Tsopano taonani chinthu chimodzi. Chiwerengero chilichonse cha odwala a m'dziko muno chimene tatchula pamwambapa chachokera ku Blantyre. Chifukwa chake n'chodziwika: kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, bungwe lofufuza la Malawi-Liverpool-Wellcome lakhala likuyeza magazi ndi madzi a pamsana a odwala a ku Gulupu mosadukiza, n'kumalemba kachilombo kalikonse kamene kapezeka. Ndi ntchito yotamandika, ndipo maiko ochepa a mu Africa ali ndi mbiri yaitali chotere. Koma Blantyre si Chikwawa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 564,684 m'boma lino. Kutentha kwathu n'kwina, malungo athu ndi ena, mitunda yathu ndi ina, madzi osefukira ndi athu. Kodi n'kokwanira kungoganiza kuti zimene zinachitika ku Ndirande ndi ku Chilomoni zachitikanso ku Dolo, ku Gaga ndi ku Kakoma?

Tikufunsa akuluakulu a zaumoyo a khonsolo ya Chikwawa, ndipo tikufunsa mwaulemu koma tikufuna yankho. Chaka chathachi, ndi ana angati osakwana zaka 5 amene anawaganizira matenda oumitsa khosi pachipatala chachikulu cha paboma, ku Ngabu ndi ku St Montfort ku Nchalo? Mwa iwo, angati anatengedwa madzi a pamsana? Madziwo anayezedwa kuti, ndipo kachilombo kanadziwika mwa angati? Angati anatumizidwa ku Gulupu, ndipo ambulansi inanyamuka patapita maola angati? Mwa amene anadwala, angati anali atamaliza majakisoni atatu, ndipo angati anali atalekezera pa yoyamba? Ngati mayankho alipo, bwanji sapachikidwa pabolodi pakhomo la chipatala, pomwe mfumu, khansala ndi mayi wodikira wodwala angawerenge? Ngati palibe, ndani wauzidwa kuti awasonkhanitse? Woweta ng'ombe wa ku Ngabu sagona asanawerenge zolowa m'khola madzulo, chifukwa amadziwa kuti akaleka kuwerenga adzazindikira za wakuba khola litatsala theka. Hib akabwerera m'chigwa muno sadzaimba lipenga. Adzayamba ndi mwana mmodzi kwa Ndakwera, wina kwa Maseya, ndipo onsewo adzalembedwa kuti anamwalira ndi malungo.

Apa ndiye pagona vuto lalikulu la chigwa chino, ndipo tiyenera kukhalapo pang'ono. Chikwawa ndi dera la malungo ochuluka. Mwana akatentha thupi n'kukomoka, mayi amati malungo, agogo amati malungo, wogulitsa panado pagolosale amati malungo, ndipo nthawi zambiri amakhala akunena zoona. Kuchipatala amamubaya chala, kachipangizo kaja n'kuonetsa mizere iwiri. Koma m'dera ngati lino ana ambiri amayenda ndi tizilombo ta malungo m'magazi ngakhale pamene chikuwadwalitsa ndi china. Mizere iwiri ija imangonena kuti malungo alimo, siinena kuti ku ubongo kuli bwino. Mwana akhoza kukhala ndi zonse ziwiri. Akapatsidwa mankhwala a malungo a LA n'kubwezedwa kunyumba, masiku atatu omwera mankhwalawo ndi omwewo amene mabakiteriya amamalizira ntchito yawo. LA saphako bakiteriya ndi mmodzi yemwe. Chimene mwanayo akufunika ndi jakisoni wamphamvu ngati ceftriaxone, tsiku lomwelo, ola lomwelo. Kodi mankhwala amenewa, kapena ena oyambira mwana asanatumizidwe, amapezeka mwezi wonse pachipatala chaching'ono chilichonse? Kodi wachipatala mmodzi amene akuona ana mazana patsiku ali ndi mpata wogwira liwombo ndi kupinda khosi la mwana aliyense wotentha thupi?

Funso lomalizali linafunsidwapo kale, ndipo yankho linayesedwa konkuno. Kuyambira 2012, bungwe la Meningitis Research Foundation pamodzi ndi Malawi-Liverpool-Wellcome ndi Unduna wa Zaumoyo anayambitsa njira imene anthu anaitcha Chipatala Robot, poyamba m'zipatala zazing'ono za ku Blantyre, kenako ndi zina za ku Chikwawa. Alangizi a zaumoyo ankayenda pamzere ndi foni yowatsogolera mafunso, n'kumagawa ana m'magulu atatu monga mwa maloboti a pamsewu: wofiira aonedwe pompo, wachikasu asachedwe, wobiriwira adikire. Nzeru yake inali yosavuta, yoti mwana wodwalitsitsa asafere pamzere podikira kuti anafika mochedwa. Kodi njira imeneyi ikugwirabe ntchito m'zipatala zingati lero? Inalowa m'bajeti ya khonsolo, kapena inali ya nthawi ya thandizo lokha? Tatopa ndi ntchito zabwino zimene zimabwera ndi galimoto ya bungwe n'kubwerera ndi galimoto yomweyo.

Palinso mantha amene tiyenera kuwatchula poyera. Anthu ambiri amakhulupirira kuti mwana akatengedwa madzi a pamsana ndiye kuti wapita, ndipo makolo ena amakana, ena amathawa naye m'wodi usiku. Mantha amenewa sanabwere chabe. Anthu anaonadi ana akumwalira atangobayidwa pamsana. Koma chinawapha ndi nthenda imene inali itafika kale patali, chifukwa ana amene amatengedwa madziwa ndi amene afika ali kayakaya. Timadzi timene amatenga ndi tochepa ndipo thupi limabwezeretsa m'maola ochepa. Popanda timadzi timeneti dokotala amangolota, ndipo dziko silidziwa kachilombo kamene katsala. Ndani amakhala pansi ndi mayi kumufotokozera zimenezi asanamupatse pepala loti adinde chala? Ndipo kumudzi, liwombo likatukumuka kapena mwana akayamba kugwedezeka, mabanja ambiri amayamba kwa asing'anga. Kuwanyoza sikunathandizepo. Kodi ofesi ya zaumoyo inakhalapo pansi ndi asing'anga ndi azamba a m'midzi kuwapempha chinthu chimodzi chokha, choti mwana wa zizindikiro izi asagone pakhomo pawo?

Tibwerere kwa katemera. Kafukufuku wa 2005 uja anaonetsa kuti chitetezo chimakhala champhamvu mwana akalandira majakisoni awiri kapena kuposa. Imodzi siikwanira, ndipo yochedwa imasiya mwana pambalambanda m'miyezi imene ali pachiopsezo chachikulu. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu anapeza kuti mu 2010 ana 81 mwa 100 aliwonse a chaka chimodzi anali atalandira katemera yense wofunika, koma mu 2015 ndi 2016 anali 76. Tinabwerera m'mbuyo mliri wa Covid-19 usanafike n'komwe, kolera wa 2022 ndi 2023 asanatenge antchito a zaumoyo kuwapititsa kumatenti, ndiponso anamondwe asanatigwere motsatizana.

Anamondwewo ife a kuno sitichita kuwawerenga m'nyuzi. Madzi a Januwale 2015, Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022, Freddy mu Malichi 2023. Namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo anaononga mlatho wa Chapananga pamtsinje wa Mwanza. Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno n'kusiya oposa theka la miliyoni opanda pokhala. Nthawi zoterezi timawerenga nyumba zogwa, mahekitala a chimanga ndi matumba a ufa. Ndani amawerenga masiku a sikelo amene anaphonyeka? Mwana wobadwa mu Febuluwale 2023 amayenera kulandira jakisoni yoyamba pomwe banja lake linali m'kalasi ya sukulu ndi mabanja ena makumi, onse akupumirana mpweya umodzi, komwe ndi kumene tizilombo ta m'mphuno timasangalala. Kabuku kake ka kusikelo kanapita ndi madzi. Mayi atabwerera kumudzi, kapena atasamutsidwira kumtunda, ndani anamutsatira? Mwana ameneyo lero akuyenda, akuyankhula. Kodi alipo amene anatsegula kaundula wa mudzi kuona ngati anamaliza?

Madzi adzabweranso, zimenezi aliyense wa m'chigwa muno akudziwa. Ndiye bwanji ndondomeko ya khonsolo yokonzekera ngozi isakhale ndi gawo lolembedwa la katemera wa makanda, lonena bwato liti, mafuta angati, mlangizi uti adzafike pamsasa uti m'sabata yoyamba? Katemerayu ndi wosakhwima. Amafuna kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8. Akatenthedwa amafooka, akaundana ndi ayezi amaonongekeratu, koma m'botolo amaoneka bwinobwino. Ku Ngabu ndi ku Nchalo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Kodi mafiriji a sola onse a m'zipatala zathu akugwira ntchito? Likaonongeka limodzi, pamatenga masiku angati kuti wokonza afike? Mlangizi wa zaumoyo amene amapalasa njinga makilomita ambiri ndi bokosi la katemera kumbuyo ndi amene wanyamula chipambano chonse cha 2002 pamsana pake. Kodi njingayo anamugulira ndani, ndipo tayala likaphulika amalipira ndani?

Tisaiwale kuti malire athu ndi Mozambique ndi mzere wa pamapu chabe. Mabanja a mbali zonse ziwiri amakwatirana, amagulitsana, amaikana maliro, ndipo ana a kutsidya amabwera kusikelo zathu. Kumapeto kwa 2024 anthu zikwizikwi anathawira m'chigwa muno, makamaka ku Nsanje, pothawa zipolowe za chisankho kwawo. Mwana wotere akafika pasikelo asafunsidwe dziko lake, afunsidwe msinkhu wake basi.

Nanga ndalama? Katemera wa matenda asanu uja ndi wa chibayo anafika kuno ndi thandizo la Gavi, mgwirizano wa maiko ndi mabungwe umene unakhazikitsidwa m'chaka cha 2000. Maiko osauka ngati lathu amasonkhako masenti 20 a dola ya ku America pa mlingo uliwonse, zotsalazo amalipira ena. Mu Juni 2025 boma la America linalengeza kuti lisiya kupereka ndalama ku Gavi, patangopita miyezi yochepa chidulireni thandizo la USAID. Ofufuza a 2005 aja, pomaliza lipoti lawo, anachenjeza kale kuti chofunika kwambiri n'chakuti ntchito ya katemera ikhale yokhazikika. Papita zaka pafupifupi 20. Mu 2001 ku Abuja atsogoleri a mu Africa analonjeza kuika 15 pa 100 ya bajeti zawo ku zaumoyo. Aphungu a Chikwawa ndi Nsanje, ndani mwa inu anaimapo m'Nyumba ya Malamulo kufunsa kuti ndalama yathu yogulira katemera yaperekedwa yonse ndiponso pa nthawi yake? Ndani anaikapo gawo la thumba la chitukuko cha dera pa kashedi ka sikelo, kuti amayi asamayezetse ana pansi pa mtengo mvula ikugwa? Mlatho umaoneka pa chithunzi cha kampeni. Mwana amene sanadwale saoneka paliponse, ndipo n'chifukwa chake amafunika womuyankhulira.

Kunja kuli umboni woti zimatheka. M'maiko a m'munsi mwa chipululu cha Sahara, kuyambira ku Senegal mpaka ku Ethiopia, mliri wa 1996 ndi 1997 unadwalitsa anthu pafupifupi 250,000 n'kupha 25,000. Katemera wa MenAfriVac atayamba ku Burkina Faso mu Disembala 2010, mtundu wa meningococcus A umene unkabweretsa miliriyo unatsala pang'ono kutheratu. Dziko lathu silili m'chigawo chimenecho ndipo adani athu aakulu ndi ena, koma tili nawo m'pangano la maiko a WHO la 2020 lofuna kugonjetsa nthendayi pofika 2030: kuchepetsa ndi theka odwala amene katemera akanawateteza, ndi kuchepetsa imfa ndi 70 pa 100. Theka la chiwerengero chiti? Ku Chikwawa tiyambira pa nambala iti kuti mu 2030 tidzanene kuti takwanitsa?

Tiyeneranso kunena zoona kwa makolo, chifukwa kulonjeza zopitirira n'kumene kumapha chikhulupiriro. Mwana wobayidwa katemera yense akhoza kudwalabe matenda oumitsa khosi, ngakhale mpata wake ndi wochepa kwambiri. Pneumococcus ali ndi mitundu yoposa 90 ndipo katemera amagwira yoopsa kwambiri yokha. Salmonella amene amalowa m'magazi a ana ofooka ndi malungo, kuchepa magazi kapena kunyentchera alibe katemera pasikelo. Uja wa taifodi amene anabwera mu 2023 ndi wa mtundu wina. Makanda a masiku ochepa amagwidwa ndi tizilombo tina, monga Group B streptococcus, timene amatengera pobadwa, ndipo katemera wake sanafike. Choncho mayi asauzidwe kuti "wabayitsa, basi wathana nazo." Auzidwe kuti watseka makomo aakulu awiri, ndipo zizindikiro zija azidziwebe.

Ndipo opulumuka aja ali kuti? Mwana amene wachira matendawa amayenera kuyezedwa makutu asanathe milungu ingapo, chifukwa kugontha ndi chilema chimene chimatsala kawirikawiri. Ku Gulupu kuli kiliniki ya makutu. Sukulu za ana osamva zodziwika zili ku Mary View ku Chiradzulu ndi ku Mountain View ku Thyolo, zonse kumtunda. Kodi mwana wa kwa Ngowe amene anatuluka m'chipatala ali moyo koma osamvanso dzina lake amatumizidwa kuti? Kapena amangokhala kumbuyo kwa kalasi ya ana 100, aphunzitsi n'kumati ndi wamwano, anzake n'kumati ndi wopepera, mpaka atasiya sukulu?

Mafumu athu, kuyambira kwa a Lundu mpaka kwa nyakwawa ya mudzi waung'ono, mawu anu amamveka kuposa chikwangwani chilichonse. Mumadziwa nyumba imene mwabadwa mwana, mumadziwanso banja limene limatseka chitseko alangizi akafika. Atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, makamaka inu amene mumaphunzitsa kuti mankhwala ndi kusakhulupirira, khanda la milungu 6 lasankha chiphunzitso chiti? Abambo, sikelo si ya amayi okha. Ngati mayi ali kudimba kapena wadwala, njinga yomwe imapita kumsika wa Dyeratu ikhoza kupitanso kusikelo.

Kwa khonsolo ndi Unduna wa Zaumoyo pempho lathu ndi ili: pofika pa 5 Okutobala, tsiku lokumbukira matenda oumitsa khosi padziko lonse, tulutsani chiwerengero cha Chikwawa, chipatala ndi chipatala, cha ana odwala, oyezedwa, omwalira ndi olekezera katemera panjira, ndipo muzichita zimenezi chaka chilichonse. Kwa inu makolo, tsegulani kabuku ka mwana wanu lero. Onani ngati katemera wa matenda asanu ndi wa chibayo analembedwa katatu aliyense. Ngati pali mpata, kapena kabuku kanapita ndi madzi, pitani naye kwa mlangizi wa zaumoyo sabata ino. Sadzayambiranso poyamba, adzapitiriza pomwe analekezera, ndipo simulipira kanthu. Mwana akatentha thupi n'kukana bere, kutukumuka liwombo, kuuma khosi kapena kukomoka, musadikire kuti LA athe kapena kuti kuche. Nyamukani naye nthawi yomweyo, ndipo mukafika musafole pamzere: uzani wachipatala kuti mukuopa matenda oumitsa khosi.